Wailesi ya Sefuliya ya Nabanda

Mponela, zaka za m'ma 1960

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Kuweta mbuzi ndi kuweta mbuzi basi, aliyense wa msinkhu wanga angathe kukuuzani. Ine ndiyambira tsiku limene ndinalowa m'kashopu ka a Kamphinda pa Mponela, chifukwa ntchito yanga inayambira mmenemo, ndipo ndi momwemo mmene ndinaonera koyamba wailesi ya amayi anu. Wailesiyo mumaidziwa nonse, ija yobulungira ya pamwamba pa kabati. Koma pali chimene simukuchidziwa pa wailesi imeneyi, ndipo ndikufuna ndichinene mutu usanayambe kundithawa.

A Kamphinda anali munthu wamfupi, wadazi, amene anaphunzira kukonza mawailesi ku Halale. Kashopu kawo kanali kuseri kwa sitolo ya nsalu, pafupi ndi pamene ngolo zinkatsitsira chimanga. Pakamwa pawo panali poipa, koma manja anali nawo. Tsiku loyamba sanandigwiritse chitsulo chilichonse. Anandiikira wailesi patebulo n'kunena kuti, "Inunkhize." Ine ndinaseka, ndimayesa nthabwala. "Ukuseka chiyani, mphuno ulibe? Wailesi usanaitsegule uyambe waifunsa kumene yachokera. Ikanunkha fodya ndi ya ku esiteti. Ikanunkha utsi ndi ya kumudzi, ndipo mkati mwake muli mphemvu. Ikanunkha phula lopserera, mwini wake wakunamiza, sinangosiya yokha ayi, analumikiza batire mozondotsa." Mpaka lero munthu akandipatsa wailesi, mphuno imafika manja asanafike, ndipo adzukulu amandiseka.

Mawailesi a masiku amenewo anali a mavalavu. Valavu ndi kababu kagalasi kotalika ngati chala, ndipo mawu onse amadutsa mmenemo. Mawailesi akuluakulu a m'mabokosi a matabwa, oyendera magetsi, anali a amishoni, amwenye ndi eni maesiteti. Amenewo ukayatsa sankayankhula msanga. Ankayamba afunda kaye, kenaka n'kung'ung'udza, ngati mkulu wa mpingo akamakonza kukhosi asanapemphere. Ife anthu wamba tinali ndi a batire, ndipo yokondedwa pa onsewo inali ija tinkaitcha ya sefuliya. Inalidi sefuliya yopanda chogwirira, yopakidwa utoto wa buluu, yokhala ndi zopotokola kutsogolo ndi kasefa kotulukira mawu, kotsekereza tizilombo. Inkakhala pamwamba pa chibatire chake, cholemera ngati njerwa.

Tsiku lina m'nyengo ya fumbi, anthu atagulitsa fodya, panafika mtsikana atasenza dengu. Anagwada pakhomo, n'kutula, n'kumasula chitenje. "Ndatumidwa ndi abambo, aphunzitsi a Banda a ku mapiri a Dowa. Akuti yayamba kutsokomola." Ine pofuna kuoneka wochenjera ndinati, "Achemwali, masefuliya amawotcherera kumsika uko, kuno ndi kwa mawailesi." Sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kumene kunalibe nsapato, n'kunena kuti, "Sefuliya imeneyi imayankhula Chizungu choposa chanu." A Kamphinda anaseka mpaka kukhala pansi. Mtsikanayo anali Esinati Nabanda, amayi anu.

Matenda a wailesiyo anali ochepa, kawaya kanathothoka kuseri kwa chopotokola. Nditawotcherera ndinafuna kuiyesa, koma iye anati, "Pepani, imeneyi imadziwa dzanja langa." Kwawo ndi iye yekha amene ankaloledwa kuigwira. Wailesiyo inali yopepuka, ukamapotokola inkatsetsereka pa batire. Tsono iye anali ndi kagwiridwe kake. Ankaigwira ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chitatsamira pambali pa chopotokola, cha kumunsi pang'ono, lamanja n'kumafunafuna mawu, mutu atapendeketsa. Ndinaona kuti pamalo pa chalapo utoto unali utayamba kale kufwifwa. A Kamphinda anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mtsikana, n'kunena kuti, "Iwe, tenga njinga uwaperekeze. Ukawaonerenso waya wa mumtengo wokokera mawu uja, mwina ndi umene ukuvuta." Wayawo unalibe vuto lililonse. Ndinakauonabe kawirikawiri chaka chimenecho.

Pa ukwati wathu agogo anu aphunzitsi anaimirira wailesi ili m'manja. "Ndikaisunga ine," anatero, "ndiye kuti ndizitsika nayo mapiri kulondola mkamwini wanga mwezi ndi mwezi. Ipite ndi mwini wake." Mphatso zina zonse za tsikulo zinatha kalekale, mbale zinasweka, bulangete linang'ambika. Yotsala ndi iyoyo.

Ntchisi Boma, m'ma 1970

Boma litayamba kugawa mawailesi m'masukulu ndi m'magulu a alimi, panafunika anthu owakonza. A Kamphinda anandikankha okha. "Pita. Kuno ufa ndi utsi wa mtovu wowotcherera, kumeneko kuli penshoni. Ndipo wayamba kundiposa, sindikufuna kukuona." Kuyamikira kwawo kunali komweko. Ananditumiza ku Ntchisi. Tinakwera lole ya chimanga, amayi anu atafukata wailesi pamiyendo ngati khanda, Yohane khanda lenilenilo ali kumbuyo.

Ntchito inali ya panjinga. Mvula ikagwa ku Ntchisi munthu sakwera njinga, njinga ndi imene imakwera munthu. Ndinkafika pasukulu matope mpaka m'mawondo, n'kupeza kuti wailesi ndi yabwinobwino, aphunzitsi aakulu angotengera mabatire ku tochi yawo. Koma ntchitoyo ndinkaikonda. Ukakonza wailesi, ana n'kukhala chete pansi pa mtengo, maso ali pa kabokosi, unkamva kuti tsikulo sunadye za ulere. Lamulungu masana pakhomo pathu pankadzaza anthu. Amayi anu ankatulutsa wailesi pakhonde, n'kuikhazika pampando wa alendo, alendowo n'kukhala pamphasa. Amuna ena ankafuna kupotokola okha, ati mkazi sangadziwe. Iwo ankangoti, "Bambo, mukagule yanu."

Bwana wanga anali a Msiska, munthu wa tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Sanali woipa mtima, koma lamulo ankaliopa kuposa njoka. Nthawi imeneyo n'kuti mawailesi a tiranzisita atafika, ang'onoang'ono, oyendera mabatire a tochi, ndipo a mavalavu anayamba kuoneka ngati azigogo. M'nyumba yosungira katundu munali mulu wa akale, ena mwa iwo a sefuliya. Tsiku lina kunabwera mawu ochokera kulikulu kuti onsewo atayidwe. Amuna anakumba dzenje kuseri kwa ofesi.

Ine mtima unandipweteka. Mavalavu m'masitolo anali atasowa, ndipo yathu ya kunyumba inali itayamba kufooka mawu. Ndinalowa mu ofesi chipewa chili m'manja.

"Bwana, ndipempheko mavalavu okha. Akukwiriridwa awa."

"A Chikuse, katundu wa boma sagawidwa."

"Nanga dothi mukuligawira bwanji?"

"Dothi silikandinenera kulikulu. Inu mukatenga, mawa wina adzati Msiska akugulitsa katundu. Ana anga adzadya chiyani?"

Ndinatuluka nditafufuma ndi mkwiyo. Ndinaima m'mphepete mwa dzenje n'kumaonerera akuponya. Galasi linkangoti phwa, phwa, ngati mazira. Mlonda wina anabisa sefuliya imodzi, n'kuikhuthula za mkati, ati akamwetsere nkhuku, ndipo ameneyo a Msiska sanamuone. Nditafika kunyumba ndinakana kudya. Amayi anu anamva nkhani yonse, n'kunena kuti, "Ndiye mukwiyire ndiwo zanga? Idyani. Yathuyi palibe adzaiponye m'dzenje ine ndili moyo." Dzenje limenelo sindinaliiwale, linanditsatira mpaka ku ukalamba.

Kasakula, m'ma 1980

Mmene ankandisamutsira ku Kasakula n'kuti zinthu zambiri zikusowa. Mtovu wowotcherera ndinkachita kusungunula m'mawailesi akufa, chowotcherera ndikutenthetsa pa mbaula. Chibatire cha wailesi ya sefuliya chinali chitasiya kubwera kalekale. Ndinapeza nzeru yolumikiza mabatire a tochi ambirimbiri m'nsungwi zobooleza, mpaka mphamvu itakwana. Zinali zodula, choncho tinkachita pa Khirisimasi pokha. Inu akuluakulu mukukumbukira, nsungwi zili mbwee pansi, amayi anu akuopseza kuti wopondapo sadya mpunga. Makwaya akayamba kuimba iwo ankatseka maso. Ankati mawu a m'mavalavu ndi onenepa, a m'tiranzisita ndi owonda.

Ndinawagulira ya tiranzisita yatsopano, ya chikwama chake. Anailandira ndi manja awiri, n'kuitembenuza, n'kunena kuti, "Zikomo, mwandibweretsera mkazi mnzanga wolongolola." Ankamverapo mauthenga a maliro ndi nyimbo za Lamulungu, koma malo a pamwamba pa kabati sanaipatse.

Khirisimasi ina tinalumikiza zonse monga mwa kale, amayi anu n'kupotokola, zii. Valavu imodzi inali itapita. Ndinafunsa ku Lilongwe, ndinatuma madalaivala a malole opita ku Zambia, osapeza. Ndinkayembekeza kuti tsopano aikulunga n'kuiika m'sutikesi. Ayi ndithu. M'mawa uliwonse akatha kusesa ankaichotsa fumbi pamwamba ndi kansalu kouma, kenaka n'kuigwira kagwiridwe kaja, chala pamalo pake, n'kupotokola uku ndi uku.

"Nabanda, mukufunamo chiyani? Inafa imeneyo."

"Ndikuona ngati yasintha maganizo. Kodi inu simusintha?"

Pamalo pa chala paja utoto unatheratu, chitsulo chinaonekera, kenaka panada ndi mafuta a m'manja ndi utsi wa zaka. Kukula kwake panali ngati nyemba yaikulu, ndipo panali posalala kuposa pena paliponse. Madzi sankaikhudzitsa wailesiyo. Ana inu munkaletsedwa kuigwira, ndiye sindikudabwa kuti palibe anapazindikira.

Mponela, nditapuma ntchito

Nditapuma ntchito tinabwerera ku Mponela, m'nyumba ino. Tinakhalamo zaka zabwino, tikukangana za nkhuku ndi za mawindo. Kenaka amayi anu anadwala, ndipo zimene zinatsatira mukuzidziwa, munalipo, sindizibwereza. Tinakawaika kwawo ku mapiri a Dowa. Anthu atabalalika, m'mawa wina ndinapezeka nditaima pa kabati, osadziwa chimene ndikufuna. Ndinaika chala changa pamalo paja. Chinakwana. Ana anga, ndinalira ngati mwana, ine mkulu wa mpingo amene ndatonthoza anthu pa maliro osawerengeka. Zovala zawo zinagawidwa kwa abale monga mwa mwambo. Zithunzi zimene tili nazo ndi za pa maukwati, ataima chilili ngati msilikali, si iwo aja. Koma apo panali iwo enieni. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndawapatsa moni pamenepo, osauza munthu. Yohane ndi mkazi wake Nachisale anasamukira kuno kudzandisamala, ndipo Nachisale ndi mwana wabwino, zimenezi ndiyambe ndanena.

Zaka zingapo zapitazo kunafika bambo wina wa ku Lilongwe, a Mwale. Ankagula mawailesi akale, ena n'kugulitsa kwa anthu okonda zakale, ena n'kuika m'nyumba yawo yoonetsera zinthu za makedzana. Anamva kumsika kuti kuli nkhalamba imene imawadziwa. "Bambo," anatero, "ine ndimaona zithunzi pa foni, koma chithunzi sichindiuza za mkati. Tiyendere limodzi, muzindiuza yeniyeni ndi yabodza, ndi mtengo woyenera." Ha! Ntchito imene ndinkayesa kuti inakwiriridwa ku Ntchisi inadzukanso. Ndinatulutsa jekete.

Tinayenda m'nyumba zakale za mishoni, m'maesiteti, kwa ana a aphunzitsi ndi kwa ana a anthu amene anabwera ndi mawailesi kuchokera ku Joni ndi ku Halale. Kayesedwe kanga kanali ka a Kamphinda. Choyamba kununkhiza. Kenaka kunyamula, chifukwa yaikulu ya mavalavu imalemera mbali imodzi, kumene kuli thiransifoma, chitsulo chosinthira mphamvu ya magetsi, ndipo ikapepuka ndiye kuti wina anaitumbula n'kuikamo za tiranzisita. Ndikatsegula kumbuyo ndinkaona ngati mavalavu alimo onse, ndi ngati kamutu ka valavu iliyonse kakadali konyezimira ngati siliva. Kakayera ngati ufa ndiye kuti mpweya unalowa, inafa. Galasi la kutsogolo lolembedwa mayina a mizinda linkandiuza msinkhu wake: likatchula mayina a nthawi ya atsamunda amene anasinthidwa, ndiye kuti ndi yakaledi. Zopotokola zikhale zobadwa nazo, ndipo nsalu ya pa sipika isakhale ya chitenje. Komanso osaiyatsa! Wailesi imene yagona zaka, ukangoilumikiza ku magetsi imafuka utsi, mtengo wake n'kupita ndi utsiwo.

Zimene tinkapeza, abale! Ina nkhuku ikuikiramo mazira. Ina yosungiramo mbewu ya mtedza, makoswe atatha mawaya onse. Ku mapiri a Dowa tinapeza yabwino kwambiri, ya bokosi lalitali, kwa bambo wina amene atate ake anabwera nayo kuchokera ku migodi. Ndinamuuza zoona, kuti ndi yathunthu ndipo ndi ya mtengo. Anamvetsera bwinobwino, n'kuthokoza, n'kuibwezera kuchipinda. "Ndimangofuna kudziwa ngati abambo ananyamula chinthu chenicheni," anatero. A Mwale anadandaula njira yonse, koma ine munthu uja ndinamumvetsa.

Komatu zimene zinkatiwawa kwambiri zinali za anthu aukhondo. Kwathu kuno mlendo sumuonetsa chinthu chakuda, ndipo chogulitsa umayamba wachisambitsa. Akamva kuti tikubwera ankathamangira penti. Ku Kasakula mayi wina anapaka bokosi la thabwa lokongola penti yobiriwira yotsala pa chitseko. Nditamuuza kuti mtengo watsika chifukwa cha pentiyo, anagwira m'chiuno. "Inu agogo, chinthu ndachikongoletsa, mukuti ndachiwononga? Ndiye mumagula litsiro?" Ndinati, "Eya mayi, litsiro lomwelo. Ogulawa safuna yatsopano, zatsopano zili mbwee m'masitolo. Akufuna zaka zake zizioneka." Anatipirikitsa ndi pakamwa mpaka pagalimoto. Mawu amenewa ndinawalalikira m'maboma awiri, Dowa ndi Ntchisi. M'nyumba mwanga mokha ndi mmene sindinawanenepo, poti ndani amacheza za ntchito ndi mpongozi wake?

Chaka chatha

A Mwale ankadandaula kawirikawiri kuti ya sefuliya sanaipezepo yathunthu. Zotsala zonse zinali zigoba, zina zothibuka, zina zomwetsera nkhuku. Ine ndinkangoti, "Zinasowa zimenezo," n'kuyang'ana pawindo. Anaulula za yathuyi ndi Yohane, pocheza. M'mawa mwake a Mwale anafika pakhomo, Yohane ali ku ntchito, Nachisale ali kuchigayo. Ataiona pamwamba pa kabati anavula chipewa. Sanaigwire.

"Bambo, woyesa ndinu. Iyeseni nokha."

Ndinaitsitsa n'kuiyesa ngati ya mlendo. Utoto wake wobadwa nawo. Zopotokola zake zomwe. Kasefa kosang'ambika. Mavalavu onse alimo, ngakhale imodzi inafa. Kumbuyo sikunatsegulidwepo ndi munthu wina koma ine. Ndinanena zoona, kuti pa onse amene tinawaona sindinaonepo yoposa iyo. A Mwale analoza ndi chala, osakhudza.

"Nanga apa?"

"Chala cha mwini wake."

Kenaka anati, "Apa musadzapukute. Imeneyi sindingaigulitse kwa munthu. Ikakhala m'galasi, dzina la amayi litalembedwa pansi pake, ndi mawu oti apa ndi pa chala chawo." Mtengo anatchula, wabwino ndithu, koma sindiulemba, chifukwa si umene unandivutitsa.

Dzinja lonse ndinalimbana nazo. Kuipereka kunali kudzuka m'mawa wopanda womupatsa moni. Koma kuisunga nako? Ine ndakhalapo kambirimbiri pogawa katundu wa malemu, ndikudziwa mmene zimathera. Wailesi yosayankhula imapita kwa msuweni amene asowa chomupatsa, iye n'kusungiramo misomali, ana ake n'kumwetsera nkhuku. Sindikukunenani inu ayi, ndi mmene zinthu zimayendera. Dzenje la ku Ntchisi linkandibwerera m'maso. Amayi anu anati palibe adzaiponye iwo ali moyo, ndipo anasunga mawu awo. Nanga ine ndikapita? Mvula itatha ndinakwera kukalambula manda awo. Ine wa mpingo sindiyankhula ndi akufa, koma tsiku limenelo ndinalambula pang'onopang'ono kwambiri. Potsika ndinali nditatsimikiza mtima: ipite, kuti chala chawo chidzakhalepobe ine kulibe. Ndinaimbira a Mwale kuti abwere Loweruka masana.

Loweruka m'mawa ndinaika chala changa pamenepo nthawi yaitali, kutsanzika. Ndinali ndi msonkhano wa akulu a mpingo. Potuluka ndinauza Nachisale kuti, "Amayi, masana kubwera alendo a ku Lilongwe kudzatenga wailesi ija. Mukonzeko m'nyumba." Anayankha atagwada, "Chabwino, bambo."

Pobwerera, dzuwa lili pamutu, ndinaona chinthu chikunyezimira pa thandala, pakati pa mapoto. Ndinayesa kuti Yohane wagula sefuliya yatsopano. Nditayandikira ndinaona kuti ndi wailesi ya amayi anu. Inali mbee, ngati yochokera m'sitolo. Buluu yense atapita. Nachisale anatuluka akupukuta manja, n'kugwada chapatali monga amachitira, nkhope ili yosangalala.

"Bambo, ndinaona kuti singapite kwa alendo ili choncho, angatiseke kuti m'nyumba muno mulibe mkazi. Madzi sindinalowetse ayi, mabowo onse ndinatseka ndi nsanza. Ndakwecha ndi phulusa ndi mchenga wosefa."

Ndinainyamula n'kuitembenuzira kudzuwa. Chala changa chinapita chokha pamalo paja.

"Pamenepo ndiye panandivuta," anatero. "Panali pakuda zedi, ngati panalowerera. Koma ndalimbana napo mpaka pachoka."

Ndinayang'ana manja ake. Nsonga za zala zinali zofiira, pena patasupuka. Anagwira ntchito imeneyo m'mawa wonse chifukwa cha ulemu wa nyumba yanga, ndi wa apongozi ake amene anawasamalira pa matenda. Mawu anakwera mpaka pakhosi, mawu a a Kamphinda enieni. Koma kwathu kuno munthu sakalipira mpongozi, ndipo ngakhale mwambo ukanalola, ndikanamukalipira chiyani? Ndinati, "Mwagwira ntchito, amayi. Zikomo." Ndinalowa nayo m'nyumba, n'kuikhazika patebulo, n'kukhala pampando chipewa chili kumutu.

A Mwale atafika anaima pakhomo. Maso awo anapita pambali pa chopotokola, kenaka kwa ine. Yohane anali pambali panga, Nachisale akulowa ndi tiyi. Ndinafulumira kuyankhula iwo asanatsegule pakamwa.

"A Mwale, mundikhululukire, mwawotcha mafuta pachabe. Ndasintha maganizo, sindigulitsa."

Iwo anamva. "Palibe kanthu, bambo. Chinthu cha amayi n'chovuta kusiyana nacho."

Anamwa tiyi, anayamikira zitumbuwa, ndipo pokwera galimoto anandigwira dzanja ndi manja awiri. Tonse awiri tinkadziwa kuti yoyera choncho sakanaitenga. Choika m'galasi chija chinali chitatsala pa mchenga kuseri kwa nyumba.

Yohane, unandikwiyira sabata yonse, ukuti nkhalamba ndi yovuta, lero ichi mawa icho. Tsopano wadziwa. Nachisale, mwana wanga, mukadzawerenga izi musadzalire. Munachita zimene amayi anu okuberekani anakuphunzitsani, ndipo Nabanda akanakhalapo akanaseka mpaka misozi, n'kukufunsani kumene munatapa mchenga wabwino chonchi. Ndaganiza nthawi yaitali ngati ndilembe kapena ndingokhala chete. Ndalemba chifukwa odziwa kuti pamenepo panali chala tinalipo ochepa, mwini wake, ine, ndi mlendo wa ku Lilongwe, ndipo sindikufuna kuti zipite nane.

Wailesi ili pomwe paja, pamwamba pa kabati. Palibe adzaigule tsopano, ndiye ikhala nane mpaka tsiku langa, monga mtima wanga unkafunira pansi pansi. M'mawa ndimaimabe pamenepo. Maso saona kanthu, paliponse ndi poyera mofanana, koma chala chimapita chokha. Ndimawasowa amayi anu, ana inu, ndimawasowa kwambiri. Mukabwera pa Khirisimasi mudzandikumbutse, ndidzakugwireni dzanja mmodzimmodzi n'kukuikani chala pamalopo: kumanzere kwa chopotokola chachikulu, cha kumunsi pang'ono. Musachedwe, ndikadapadziwa.